Manda Amene Tinawapeza

Kwa Mfumu Yaikulu Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, mlendo sachita kufunsa kuti kumanda n'kuti. Chimanga, chinangwa ndi nandolo zatenga mtunda wonse, mpunga watenga madambo, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala umodziumodzi m'malire a minda. Koma apo ndi apo pamaoneka kansitu kothithikana, mitengo yake italiitali, ziyangoyango zitakulunga nthambi, pansi pali mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pamenepo mayi satolapo nkhuni, mwana sathyolapo chipatso, wootcha makala amapalambalala. Ndi mmene zililinso ku Balaka, ku Mangochi ndi m'madera ambiri a dziko lino. Nkhalango imene kale inali ponseponse yatsala pamene pagona anthu akufa.

Manda ambiri otere ali ndi eni ake. Anyakwawa amadziwa mbali ya banja lililonse, adzukulu amadziwa pokumba ndi posakumba. Koma alipo manda ena kumene kulibe mbumba yoikako maliro, ndipo palibe amene angatchule dzina la munthu mmodzi yekha wogona mmenemo. Mukafunsa akuluakulu amangoti, "Tinawapeza." Komabe anthu amawaopa, ndipo mantha amenewo ndi amene awasunga.

Kuti manda asowe mwini m'dera ngati la Ngokwe n'zosadabwitsa, chifukwa derali lalandira anthu ambiri motsatizana. Ayao, amene lero ndi ochuluka kwa Ngokwe, kwa Kawinga, kwa Nyambi, kwa Liwonde ndi kwa Kalembo, anafika m'zaka za m'ma 1800 kuchokera m'mapiri a kumpoto kwa Mozambique. Anapeza Anyanja ndi Amang'anja akulima, akusodza, akusula makasu. Alomwe anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera m'ma 1890, akuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Gulu lililonse linafika pamalo pamene panali kale mabwinja, zitsime, mitengo yansembe ndi manda a anthu ena. Anyanja aja nawonso sanapeze dziko lopanda kanthu.

Umboni wake uli m'mapale amene khasu limafukula m'minda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wofukula zakale Keith Robinson anakumba m'malo angapo kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Ku Nkope, m'boma la Mangochi, anapeza mapale ochindikala, a milomo yokhuthala, okongoletsedwa ndi mizere yakuya. Mbiya za mtundu umenewu zinapatsidwa dzina la malowo, ndipo zinayamba kuumbidwa cha m'zaka za m'ma 300 ndi alimi oyamba osungunula chitsulo m'dera lino. M'malo ambiri mapale a Nkope amapezeka pansi, pamwamba pake pali a mtundu wa Mawudzu, amene akatswiri amawalumikiza ndi Amaravi, ndipo pamwamba penipeni pali a mtundu wa Nkudzi, a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Midzi inayalidwa umodzi pamwamba pa unzake ngati mphasa. Pamene munthu wina anaona kuti pali madzi, nthaka yabwino ndi kamtunda kosasefukira, wobwera pambuyo pake anaonanso chimodzimodzi.

Ku Nkudzi komweko kuli phunziro lowawa la mmene dzina la munthu limazimiririra msanga. M'chaka cha 1958, Ray Inskeep anafukula manda m'mphepete mwa nyanja pamenepo. Anthu ake anaikidwa mwaulemu, ndi mbiya, zida zachitsulo ndi mikanda yagalasi yochuluka yochokera kutsidya la nyanja ya mchere. Sanali amphawi, ndipo sanali akalekale kwenikweni, chifukwa panali patangopita mibadwo yowerengeka chiwaikireni. Koma akatswiri anachita kutsutsana za mtundu wawo. Ena ankati anali Abisa amalonda ochokera ku dziko limene lero ndi Zambia, ena akuti anali Anyanja. Nkhondo, njala ndi malonda a akapolo a pakati pa zaka za m'ma 1800 zinabalalitsa anthu amene akanatha kuloza manda aja n'kunena kuti apa pagona agogo athu akutiakuti.

Zaka zomwe woumba mbiya wa ku Nkope ankakanda dothi lake, kutali kumpoto kwa dziko lapansi anthu ena ankasinkhasinkha funso lomweli la manda opezeka. Aroma sanafikeko kuno, koma nkhani yawo yafufuzidwa kwambiri, ndipo imatithandiza kumvetsa yathu.

Asilikali a Mfumu ya Aroma Claudius atalowa m'dziko la Britain m'chaka cha 43 Yesu atabadwa, anapeza zitunda zodzaza ndi mitumbira ikuluikulu ya dothi ndi miyala. Ina inali yaitali, yomangidwa zaka zoposa 3,000 Yesu asanabadwe, yokhala ndi tizipinda tamiyala mmene munkasungidwa mafupa a anthu ambiri. Ina inali yozungulira, ya m'nthawi imene anthu ankasula zida zamkuwa, ndipo yotereyi inalipo zikwizikwi. Panalibe amene ankadziwa omanga ake. Ina mwa mitumbira imeneyi inali yakale kwa Aroma kuposa mmene Aromawo alili akale kwa ife lero.

Yambiri inangolimidwa kapena kusiyidwa. Koma ina anaigwiritsa ntchito m'njira zimene zimaonetsa maganizo awo. Ku Wiltshire kuli Silbury Hill, chitunda chomangidwa ndi manja cha m'ma 2400 Yesu asanabadwe, chotalika pafupifupi mamita 30. Ngakhale chabooledwa kangapo, simunapezekemo manda. Omanga msewu wa Aroma wopita ku tauni imene lero ndi Bath anachiyesa cholozera, msewu wawo n'kulunjika pomwepo, koma atafika pafupi anaukhotetsa kuti uchilambalale, ndipo patsinde pake panakula mudzi. Ku Uffington, anthu oposa 40 a m'nthawi ya Aroma anaikidwa m'mtumbira wautali umene anaupeza ulipo kale. Ku Petit Mont, m'chigawo cha Brittany ku France, manda amiyala a zaka zoposa 6,000 anasandutsidwa kachisi, ndipo ofukula anapezamo tiziboliboli tadothi loyera ta mulungu wamkazi Venus.

Nkhani yogwira mtima kwambiri ndi ya Newgrange ku Ireland, chilumba chimene Aroma sanachilamulirepo n'komwe. Manda amenewa anamangidwa cha m'ma 3200 Yesu asanabadwe. Ndi mtumbira wa mamita oposa 80 m'mimba mwake, wokhala ndi mpita wamiyala wa mamita 19, ndipo omanga anauloza mwaluso kotero kuti m'masiku ozungulira 21 Disembala kuwala kwa dzuwa lotuluka kumalowa mpaka m'chipinda cham'kati. Pofika nthawi ya Aroma khomo lake linali litakwiririka, ndipo linadzaonekanso mu 1699 pamene antchito ankakumba miyala. Komabe kunja kwake, pafupi ndi khomo lobisikalo ndi miyala yoimikidwa, kwapezeka ndalama za Aroma zoposa 20, zina zagolide, pamodzi ndi mphete ndi zokongoletsa zina zamtengo wapatali. Munthu sataya golide mwangozi pamalo amodzimodzi kwa mibadwo ingapo. Inali nsembe. Anthu ankabwera kudzapereka chuma kwa amene sankawadziwa dzina, pamalo amene sakanatha kulowamo.

Tisaganize kuti onse ochita zimenezi anali asilikali ochokera ku Roma. Ambiri anali eni dziko omwe, okhala pansi pa ulamuliro wachilendo kapena ochita nawo malonda. Akatswiri amasiyana pofotokoza cholinga chawo. Ena amati ankaona mitumbira ngati nyumba za milungu kapena mizimu ya pamalopo, imene mlendo ndi mwini mudzi yemwe ayenera kukhala nayo pamtendere. Ena amati kuika maliro ako m'mtumbira wakale kunali kudzitengera makolo, kuti anthu aone kuti banja lako ndi nthaka imeneyi n'zogwirizana kuyambira kale. Mmalawi sangavutike kumva mfundo yachiwiriyi. Pabwalo la mfumu, mlandu wa malo ukafika pothina, wina amaimirira n'kunena kuti, "Manda a makolo anga ali pompano," ndipo mawu amenewo amalemera kuposa umboni wina wambiri. Mabanja ena olemera a ku Britain anafika pomanga mitumbira yawoyawo m'nthawi ya Aroma, monga ya ku Bartlow Hills, yomwe waukulu wake ndi wotalika mamita oposa 13.

Kuno kwathu makolo sanaunjike dothi lofika msinkhu umenewo. Mtumbira wa kuno ndi waung'ono, ndipo mvula ya zaka zochepa imausalaza. Zimene zimasunga malo a akufa ndi phanga, phiri ndi mtengo.

Phiri la Hora ku Mzimba ndi chitsanzo chachikulu. M'chaka cha 1950, J. Desmond Clark anafukula mafupa a anthu awiri pansi pa thanthwe la patsinde pa phirili. Zaka zaposachedwapa gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, linabwererako n'kupeza mafupa a makanda awiri amene anaikidwa zaka pafupifupi 16,000 ndi 14,000 zapitazo. Pamalo omwewo anapezanso phulusa lochindikala ndi zidutswa za mafupa a mayi amene mtembo wake unatenthedwa pa mulu wa nkhuni zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, mwambo wakale kwambiri wa mtundu umenewu umene wadziwika mu Africa. Patapita zaka mazana angapo, anthu ena anadzakolezanso moto waukulu pamalo enieni omwewo. Alenje amenewa analibe midzi yokhazikika, koma ankadziwa kobwerera ndi akufa awo, ndipo anachita zimenezi kwa zaka zikwi zambiri.

Phirilo silinasiye kukoka anthu. Cha m'ma 1880, Atumbuka otsogoleredwa ndi Baza Dokowe anathawira pamwamba pake ataukira Angoni, ndipo ambiri anafera pomwepo. Lero Angoni a kwa M'mbelwa amasonkhana patsinde pa Hora chaka ndi chaka pa mwambo wa Umthetho. Ovina ingoma pamenepo amapondaponda pafupi ndi manda a anthu amene anakhalako zaka zikwizikwi Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, asanawoloke Zambezi mu 1835.

Ku Dedza nkhani yake inalembedwa pamiyala, ndipo aliyense akhoza kukadzionera. M'dera la Chongoni muli malo 127 a zojambula za m'mapanga, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, amati ndi za Akafula kapena Abatwa, alenje amene alimi anawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za nyau. M'mapanga ambiri zoyerazo zili pathanthwe lomwelo, nthawi zina pamwamba penipeni pa zofiira. Mapanga osajambulidwa analipo, koma anamkungwi anasankha pamene panali kale dzanja la anthu ena. Ku Mwana wa Chencherere, kumene Clark anakumba mu 1972, pansi pa zojambulazo panapezekanso mafupa a anthu. Achewa sanali zidzukulu zolondola mwambo wa Akafula mmene unalili, koma anazindikira kuti malowo ndi olemera, ndipo anaikapo zinsinsi zawo. Amene anasiya golide ku Newgrange akanawamvetsa.

Ayao ndi Alomwe a m'dera la Machinga anabwera ndi miyambo yawo yothira ufa wa nsembe patsinde pa mtengo wa msolo, ndipo pambuyo pake ambiri analowa Chisilamu kapena Chikhristu. Lero maliro a Msilamu amapita pajeneza atakulungidwa m'sanda, a Mkhristu amapita m'bokosi ndi nyimbo za kwaya. Zipembedzo zonse ziwirizi zinasintha zambiri, koma sizinachotse lamulo lakuti kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo mtengo wakumanda sudulidwa wamba. Lamulo limenelo limafungatira ngakhale akufa a mtundu wina amene obwera anawapeza.

Apa ndi pamene manda athu akusiyana ndi a ku Ulaya, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukuganizira mofatsa. Mtumbira wa Newgrange unaima zaka 5,000 popanda woulondera. Anthu anaiwala omanga ake, chilankhulo chinasintha, zipembedzo zinabwera n'kupita, koma mulu wa miyala sufuna kuti wina aziukumbukira. Nsitu wakumanda suli choncho. Umakhalapo chifukwa m'mawa uliwonse munthu wosowa nkhuni amaudutsa osalowamo. Ukangofika m'badwo umodzi wosaopa, nkhwangwa imamaliza m'sabata imodzi zimene zinasungidwa zaka mazana awiri, chaka chotsatira pamera chimanga, ndipo sipatsala chizindikiro chilichonse. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amaonetsa bwino khalidwe limeneli. Ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu pakati pa nkhalango yosadulidwa, ndipo kakhalapo kwa zaka mazana ambiri chifukwa kakaola anthu amasonkhana n'kukamanganso. Chikumbutso cha mtundu umenewu chimafuna anthu amoyo nthawi zonse. Ine ndimaona kuti ndi chaulemu kwambiri kuposa mulu wa miyala, chifukwa m'badwo uliwonse umachita kuvomera mwa wokha kuti uchisunga. Koma n'chosachedwanso kutayika.

Ndipo chikutayikadi. Anthu achuluka, minda yachepa, matumba a makala ali mbwee m'mbali mwa msewu wa Liwonde ndi Balaka. Manda okhala ndi eni ake akulimbabe, ngakhale kuti nawonso akudyedwa m'mphepete, mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa. Amene amayamba kugwa ndi aja opanda mwini, chifukwa palibe amene angakadandaule kwa mfumu. Ziliza za simenti zabweretsa chinthu chabwino chimene makolo analibe, ndicho dzina ndi chaka zolembedwa. Koma pomanga chiliza anthu amalambula, amadula mizu, nthawi zina amagwetsa mtengo kuti usadzang'ambe simenti, motero manda ena atsopano angokhala bwalo la miyala loti mbee, lopanda mthunzi.

M'boma la Machinga momwemo muli manda amene akusonyeza vuto lina, la akufa amene atsala m'dziko losinthika. M'nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde muli mlambe wa mphako yaikulu mmene kale ankaikamo anthu omwalira ndi khate. Chikhulupiriro cha nthawi imeneyo chinali chakuti wakhate akakwiriridwa m'nthaka amaidetsa, choncho mitembo yawo sinkapita kumanda a mudzi. Mafupa awo akali m'mphakomo, ndipo amaoneka munthu akasuzumira. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973, anthu amene ankakhala m'menemo anasamutsidwa, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Tsopano oyandikana ndi mlambe uja ndi njovu ndi alendo odzaona nyama.

Mpanda wa nkhalango wauteteza mtengowo ku nkhwangwa, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma anthu amene ali m'mphakomo anakanidwa kale kawiri, ali moyo chifukwa cha nthenda, atafa chifukwa cha mantha a anzawo. Lero tikudziwa kuti khate limayamba ndi kachilombo, limachizika ndi mankhwala, ndipo silidetsa nthaka ya munthu aliyense. Wofika pamtengo umenewu ayenera kuima monga amaimira pamanda a kwawo, chipewa chili m'manja, osati kuthamangira kujambula zigaza. Si anthu a zaka zikwi zapitazo. Ndi abale a mabanja amene akukhala kunja kwa mpanda womwewo, ndipo mafumu a m'deralo ndi amene ayenera kukhala ndi mawu oyamba pa kasungidwe ka mafupawo, makamaka poti mlambe nawo umakalamba n'kugwa.

Lamulo la dziko lino, la Monuments and Relics Act, limateteza malo ndi zinthu zakale, ndipo limafuna kuti wopeza zotere adziwitse boma. Nthawi zambiri wopeza woyamba sakhala katswiri. Amakhala mlimi amene khasu lake lagunda mbiya yathunthu, mnyamata woumba njerwa amene waona mikanda m'dothi, kapena woyendetsa makina okonza msewu. Chofunika n'kusiya kukumba, osasuntha kanthu, n'kukauza anyakwawa kuti uthenga ukafike ku ofesi ya DC ndi kwa akatswiri a zakale. Mkanda wochotsedwa pamalo pake umangokhala mkanda. Ukakhala pomwe unagona, pamodzi ndi makala, mapale ndi dothi lake, umatha kuuza katswiri zaka za mandawo, malonda amene anthuwo ankachita ndi njira imene katundu ankadzera kuchokera kunyanja ya mchere.

Pali ntchito inanso imene sifuna ndalama za boma. Kwa Ngokwe ndi m'midzi yozungulira Chiuta akalipo agogo amene anauzidwa ndi agogo awo kuti nsitu uwu unali wa Anyanja, uwo ndi wa anthu amene anafa ndi nthomba, apo panagona mfumu yakutiyakuti. Mphunzitsi mmodzi ndi ana a sukulu yake akhoza kuyenda ndi gulupu wa m'deralo, kulemba m'kope dzina la nsitu uliwonse, malire ake, mitengo imene ilimo ndi zimene akuluakulu akukumbukira, kope limodzi n'kusiya kwa mfumu, lina kusukulu. Nsitu wolembedwa m'kaundula wa mfumu umakhala ndi woulankhulira tsiku limene wina adzabwere kudzapempha malowo kuti alimepo.